Sabata Imene Mbuna Zinakana Kuoneka

Lolemba

Kodi anakhazikitsa ndani lamulo loti thanki yatsopano iyambe yakhala ndi madzi okhaokha kwa masabata, nsomba zisanalowemo? Ku yunivesite ankatiuza choncho. Tawonga, mnzanga amene tinkaphunzira naye za nsomba, akunenanso zomwezo. Aliyense amangogwedeza mutu ngati ndi vesi. Ati madzi akhwime kaye, tizilombo tabwino tomwe timadya zonyansa za nsomba tiswane. Madzi kukhwima! Ndi mapeyala?

Mzuzu sakudikira munthu. Uku akumanga mahositelo, uku maloji, kulikonse njerwa. Ine digiri yanga ili m'sutikesi, ikuchita nkhungu. Ndiye madamu a loji yatsopano ya ku Nkhorongo andiuza kuti Loweruka abwera kudzaona thanki yanga. Akaikonda, ndikawaikira yaikulu polandirira alendo. Kenako maloji onse mu mzinda muno ayamba kundisaka. Ntchito yanga yoyamba!

Zomwe ndili nazo: thanki yagalasi, mchenga, miyala, kapampu ka mpweya. Chomwe ndilibe: hita yofunditsira madzi. Tiona kutsogolo.

Madzi ndatunga mu mgolo wa eni nyumba m'mawa. Masana mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala ya m'nyanja, zalowa! Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere. Tawonga wandibwereka kuchokera m'mathanki ake ku Kaning'ina. Wandifunsa ngati thanki ndinaikonzeratu kale. Ndayankha kuti asade nkhawa. "Aise, izi n'zobwereka," wandiuza pondipatsa ndowa. "Zibwere zamoyo."

Yaikulu yabuluu ndaitcha Pulofesa. Kaikazi kachikasu ndi Dona. Chipinda changa cha ku Ching'ambo chikuoneka ngati hotela!

Lachiwiri

Pulofesa watuwa pang'ono. Dzulo anali buluu weniweni, lero ngati jinzi yochapidwa kwambiri. Ndi kuwala kwa m'chipinda muno basi.

Akuthamangitsa anzake pa mwala uliwonse. Enawo aunjikana pakona, mitu pansi. Ndikuona kuti akudziwana.

Eni nyumba, aNyagondwe, alowa kudzaona. Aima nthawi yaitali, manja kumbuyo. "Somba izi zikula liti kuti tidye?" Ndawafotokozera kuti si zandiwo, n'zongoona. Aganiza kaye. "Ooh. Ndiye kuti ni ŵalendo." Ndaseka, ndavomera. Alendo, inde amama!

Madzulo ndapeza dzina la kampani yanga. Ndapezanso malo a ofesi, mtauni, pamwamba pa shopu ina. Eni ake sakudziwa.

Lachitatu

Kuzizira! Nkhungu yatseka mpaka mpanda sukuoneka. Ndakhudza galasi, lili ngati botolo la m'firiji. Apa ndakumbukira kuti makolo a nsombazi ndi a kunyanja, kumene anthu amagona osafunda. Mzuzu ndi nkhani ina.

Zonse zili pansi, pamchenga, zipsepse zapindidwa, ngati anthu odikira minibasi m'mamawa. Ndaifunditsa thanki bulangete langa. Ndili nalo limodzi lokha. Ine ndavala jekete ya suti yomwe ndinalandirira digiri.

Masana magetsi azima. Kapampu kali zii. Posakhalitsa zonse zakwera pamwamba, pakamwa yasa yasa, kupempha mpweya. Ndatenga kapu, kutunga, kuthira, kutunga, kuthira, mpaka mkono wauma. Mbaula ndaiyandikiza kuti madzi afunde, zenera ndatsegula kuti utsi utuluke, mphepo yalowa, madzi azizira. Sayansi!

Dona sakudya. Chakudya chikumudutsa pamphuno, iye wangotseka pakamwa. Pakhosi patupa. Izi zokha zikundidetsa nkhawa.

Magetsi abwera. Thovu layambiranso. Tapulumuka! Ndidzauza antchito anga nkhani imeneyi tsiku lina.

Lachinayi

Ndikupita mtauni kukasindikiza makhadi a kampani. Kiyi ndawasiyira aNyagondwe kuti magetsi akazima andiimbire. Ndaiwala chinthu chimodzi: lero ndi tsiku la umanyano, azimayi a kutchalitchi asonkhana kwathu kuno.

Makhadi atuluka bwino! Dzina langa, pansi pake Mkulu wa Kampani, pambali kansomba.

Ndikufika pakhomo, nyimbo zili m'kamwa, m'manja mukuwombedwa, khoma likunjenjemera. Chitseko changa chili chotsegula. Madzi a m'thanki ali ngati thobwa.

Zomwe zikuyandama: nyenyeswa za mandasi, nyenyeswa za sikono, kachidutswa ka chinangwa chophika, mtedza umodzi.

ANyagondwe akufotokoza mosangalala. Azimayi anamva kuti pakhomo pali alendo, ndiye sakanamwa tiyi osawalonjera. Analowa mmodzimmodzi. Aliyense anagogoda pagalasi, poti munthu sufikira mnzako osaodira. Aliyense anati monile. Ndipo aliyense anaponyamo kanthu. "Mlendo angationerere tikudya, mwana wane? Ise sitinaleledwe choncho."

Mayi wina wandigwira dzanja. "Koma alendo anu ngamanyazi chomene. Tikuti odi, iwo akuthawira kuseri kwa miyala."

Ndathokoza. Ndati yewo kwa aliyense. Nditani, ndikalipire umanyano wonse? Ndatseka chitseko, ndayamba kuvuula mandasi ndi sefa ya tiyi.

Pulofesa sakuoneka n'komwe. Enawo akupuma mothamanga, m'mbali mwa mitu mukungoti phethiphethi. Dona yekha ndiye sanalawe kalikonse.

Kwatsala mawa lonse. Zitheka!

Lachisanu

Ndikudziwa, ndikudziwa: madzi amasinthidwa pang'onopang'ono, osati onse nthawi imodzi. Lamulo linanso lodikiritsa anthu. Koma madamu akubwera mawa, ndipo sindingawaonetse thobwa. Ndachotsa onse. Ndatsuka miyala, ndatsuka mchenga, ndathira atsopano ochokera mu mgolo, ozizira mpaka zala kuchita dzanzi.

Galasi likuwala! Kuoneka bwino kwake!

Nsomba zokha ndiye sizikugwirizana nazo. Ina ikudzikhula pamwala ngati ili ndi mphere. Ina ikukwera ndi kutsika m'mbali mwa galasi osaleka. Ina yangoti zyoli pakona. Yamizeremizere yathamanga mbali iyi, mbali iyo, kenako yadumpha, yagwera mu nsapato yanga ya suti. Ndaibweza. Ili moyo. Nsapato ndaiyanika.

Ndatulutsa mabuku a ku yunivesite. Zizindikiro za nsomba yopanikizika: kutuwa, kubisala, kupinda zipsepse, kudzikhula, kupumira pamwamba, kukana chakudya. Ndili nazo zonse! Ikanakhala mayeso ndikanakhoza bwino kwambiri.

Tawonga waimba kufunsa ngati zili bwino. Ndati zili ndi khalidwe losangalatsa. Iye wati: "Nditumizire kavidiyo." Ndati netiweki ikuvuta. "Ndikubwera Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Ndi ndowa."

Palibe vuto. Pofika Lamulungu ndidzakhala nditasaina kale ndi loji.

Loweruka

Ndasesa, ndakolopa, bedi ndalibisa ndi nsalu. Suti yonse ndavala, nsapato imodzi ikadali yonyowa. Makhadi ali pa tebulo, ndawayala bwinobwino.

Galimoto ya madamu yaima pamsewu chifukwa cha matope. Madamu alowa, mafuta onunkhira atsogola. Ndayamba kufotokoza za kukongola kwa nsomba za m'nyanja yathu, za alendo akunja, za tsogolo la mzinda. Iwo akuyang'ana thanki.

Mchenga. Miyala. Thovu. Nsomba ngakhale imodzi.

Zonse zalowa m'mapanga. Tadikira. Madamu awerama, ayatsa tochi ya foni. Mchira wa Pulofesa, womwe umaoneka pang'ono, walowanso.

"Achimwene, mwandiitanira miyala?"

ANyagondwe ali pakhomo, akufuna kundithandiza. "Zilimo, madamu. Lachinayi tinadya nazo."

Kenako Dona watuluka! Yekhayekha, pang'onopang'ono, pakhosi potupa paja pali patsogolo. Ndati onani, madamu, onani mtundu wake! Madamu amuyang'anitsitsa. "Iyi ili ndi matsagwidi."

Anena mwaulemu ndithu. Ati polandirira alendo pawo aikapo kaye maluwa. Ati nsomba zikadzayamba kuoneka ndidzawaimbire. Khadi atenga. Pazenera ndawaona akupalira nalo matope ku chidendene cha nsapato.

Komabe atenga!

Lamulungu

Tawonga wafika ndi ndowa, Baibulo lili m'khwapa. Sanakalipe. Wayang'ana madzi, wayang'ana ine, wafunsa kuti thanki ndinaithira madzi koyamba liti. Ndanena zoona: Lolemba m'mawa. Wapumira m'mwamba.

Tazivuula imodziimodzi. Zotuwa, zowonda, zokwiya, koma zonse zamoyo. Pulofesa sanandiyang'ane.

Pa Dona, Tawonga waima. Wamuika m'botolo mosamala, wamuyang'ana cha pakhosi, wayamba kuseka. Si matsagwidi. Ndi mazira. Mbuna yaikazi imasungira mazira m'kamwa, osadya chilichonse, mpaka ana ataswa. Anachoka nawo ku Kaning'ina, wadutsa nawo m'kuzizira, m'mandasi, m'nyimbo, osalavula. "Sabata yonse," akutero Tawonga, "nsomba imene imachita zolongosoka m'chipinda muno ndi iyi yokha. Funso limeneli linabwera pa mayeso, aise. Unalikhoza."

Ndinalikhozadi.

Wandisiyira kasiponji kakuda, konunkha, kochokera m'thanki yake yakale. Ati m'menemo ndi momwe muli tizilombo tija. Ati ndikaike m'madzi, kapampu kazigwira ntchito, ndiziponyamo kachakudya pang'ono kuti tizilomboto tizidya, ndipeze hita, ndidikire. Ana a Dona akaswa n'kukula, adzandipatsako. Ndafunsa kuti liti. Wanyamula ndowa zake, wapita.

ANyagondwe akhumudwa. "Alendo apita osatsanzika?" Ndawauza kuti m'thanki mwatsala alendo ena, ang'onoang'ono, osaoneka ndi maso, ndipo amafunika kudyetsedwa. Nkhope yawo yawala. Ntchito imeneyo ndawapatsa iwo, kanyenyeswa kamodzi basi, osagogoda.

Bulangete ndalitenganso. Makhadi ndawaika m'sutikesi, pamwamba pa digiri. Kenako ndathira madzi, ndaikamo kasiponji, ndayatsa kapampu, ndakoka mpando, ndakhala pansi kuyang'ana madzi akukhwima.