A Overtone ndi Siteshoni Yawo ya ku Poland

Malemu a Overtone Zulu sankatha kupereka moni osatchula siteshoni ya sitima ya ku Wrocław, mzinda wa ku Poland kumene anakaphunzira za njanji ali mnyamata. Ukati, "Mwadzuka bwanji?" iwo amvekere, "Ndadzuka, koma sitima ya ku Warsaw yanyamuka kale." Kuno ku Oshawa, kufupi ndi Toronto, ankangomanga mabawuti m'fakitale ya magalimoto, poti dziko lino digiri ya mlendo limaiyesa pepala lokulungira nsomba.

Pa ukwati wa Kettie, mtsikana wa kutchalitchi kwathu, ku Hamilton anawapempha kudalitsa chakudya. Anayamba bwinobwino, kenaka anapempherera sitima ya ku Kraków, ya ku Berlin, ya ku Prague, oyendetsa ake ndi apongozi awo omwe. Pomati ameni, nkhuku inali itazizira ngati msewu wa kuno m'chipale cha mu Januwale.

"Ankolo, mwatidileya!" anadandaula Solomon, mlongo wa mkwatibwi.

"Wadileya ndiwe, mbuli iwe. Zaka zonsezi sunakwatire."

Tsiku lina a Overtone anamgwira pamkono kondakitala wa sitima ya ku Toronto. "Ichi mukuti siteshoni? Khola la mbuzi ili! Yakwathu anamanga Ajeremani mzinda ukutchedwa Breslau, nsanja zake ngati linga la mfumu. Nkhondo inaphwasula mzinda, iyo inatsala chiimire." Munthu wa ku Chipata, koma ati yakwathu. Kondakitala anangomwetulira, monga achitira a kuno akafuna uchoke.

Chimene ankalakalaka chinali chimodzi: Naomi, mwana wawo yekhayo, akaione siteshoniyo iwo akadali moyo, pakuti ndi pamene anakumana ndi malemu mayi ake, a Agness. Naomi ankayankha m'Chingerezi kuti siteshoni ndi siteshoni basi. Anamnyengerera zaka, mpaka anavomera kupita mu Julaye 1997.

Mwezi womwewo mtsinje unasefukira, Wrocław inamira. A Overtone anakhala pa TV, sutikesi ili pakhomo, akuona anthu akupalasa mabwato m'misewu.

"Apa ndiye pokhotera ku siteshoni," anatero akuloza madzi.

"Tidzapita chaka chamawa, adadi," Naomi anayesa Chinyanja chake chotsimphinacho.

Kuyambira pamenepo a Overtone anangoti zii, osatchulanso za sitima. Omwe aja ankawathawa kutchalitchi anayamba kuwaputa dala.

"Ankolo, ya ku Berlin yafika?"

"Kaya."

Anamwalira chipale chisanasungunuke. Masiku ano mapemphero a pa chakudya ndi aafupi, nkhuku imadyedwa yotentha, ndipo sitima ikachedwa ku Oshawa anthu amangoyang'ana nsapato zawo.

Pa maliro, m'chipinda chapansi cha tchalitchi, Naomi anaimirira pamaso pa akuluakulu.

"Ndikupitabe. Koma ndiuzeni, amami anawapeza pa pulatifomu iti? Ankadikira sitima yakuti?"

Nkhaniyo a Overtone anaisimba pa ukwati uliwonse, pa ubatizo, ngakhale m'basi. Madokotala, maloya, maakauntanti, anthu amakutu awiriawiri, anayang'anizana.

Solomon anakhosomola. "Ndikuganiza ya ku Prague."

"Ayi, ya ku Berlin," anatero Kettie.

Naomi anadikira pang'ono, kenaka anakhala pansi.