Ndowa Yosowa Potayira

Khalani pansi amayi, nyimbo mwabwera nayoyo musayambe, mumve kaye zimene ndalota usiku wathawu. Inu a Nagama ndi inu mayi a Tionge munali pomwepo tsiku lija mwana wanga anabadwa osalira. Munakamuika nokha akazi, m'kadzenje kolekeza m'mawondo, n'kubwera kudzandiuza kuti nthayo sailira, ukailira sudzaberekanso. Ndinamvera. Chiyambire pamenepo chakudya chimandikomera ngati utuchi, ndipo kudzuka pamphasa ndi ntchito yoposa kulima.

Ndiye kutuloko ndinali pamsewu dzuwa lili paliwombo, nditasenza ndowa yodzaza ndi misozi yonse imene ndinameza, ndikufunafuna potayira. Khosi linali gwa. Mwadzidzidzi nkhata ya pamutu inayamba kuyankhula, mawu ake angawa enieni.

"Nazimbiri iwe," inatero nkhatayo, "anakutuma ndani kukatunga madzi mimba ili yaikulu chonchija? Anzako akubereka. Iwe ngakhale nkhuku ikuposa."

"Ndamva," ndinayankha, poti mawu amenewa si achilendo. Ndimagona nawo, ndimadzuka nawo.

Ndiye panaima minibasi yodzaza amayi obereka ana kumbuyo, onse akuyang'ana kumbali. Kondakitala anaviika chala m'ndowa, n'kulawa.

"Zamchere sitikweza, mayi, zimadyetsa galimoto dzimbiri."

Ndinapitiriza wapansi. Mwadzidzidzi ndaima pamaso pa wapolisi wotchinga msewu ndi migolo.

"Mwasenzanji?"

"Misozi, bwana."

"Ya maliro ati? Masamba anaika pamsewu? Belu linalira? Adzukulu anadya?"

"Ayi, bwana."

"Basitu palibe wamwalira," anatero, pakamwa pakusongoka, manja akumera nthenga, mpaka anasanduka khwangwala n'kukatera pamgolo. "Bwererani nayo! Bwererani nayo!"

Nkhata inaseka. "Wamva? Ngakhale kulira sukuyenera. Mayi wa ndani iwe?"

Ndiye migolo ija inali mabenchi a chipatala, ine ndili pamzere, ndowa ikadali pamutu. Namwino wovala zoyera mbee anandiitana. Ndisanatsegule pakamwa khosi lake linatalika, miyendo n'kuonda, uyo kakowa waima ndi mwendo umodzi patebulo.

"Mukadali mtsikana inu, mudzabereka wina. Limbani mtima. Wotsatira!"

Amayi, apo ndiye ndinatopa. Ndinangofuna kugona pansi pomwepo osadzukanso, ndipo nkhata inati zingakhale bwino, anthu apumule.

Mwadzidzidzi ndili kumphepete kwa manda, pamisuku paja, kumene simunandilole kufika. Panalibe mtanda, panalibe nkhata ya maluwa. Panali khasu lanu lija a Nagama, lachigamba pampini, litatsamira mtengo.

"Tulani, mayi," linatero khasulo.

Palibe anali atanditchulapo mayi chotero. Ndinacheuka kuona ngati likuuza wina.

"Ndikunena inu. Ndinakumba ndine, ndinamuona. Tsitsi lambiri, tizala tataliatali. Anali munthu ameneyu. Dzina lake ndani?"

"Nthayo ilibe dzina," inalalata nkhata.

"Sindikufunsa chiguduli," linatero khasu.

Ndiye ndinatula ndowa, n'kutenga nkhatayo m'manja koyamba. Kuiyang'ana, chinali chitenje changa chakale, ndipo amene anachipota mwamphamvu chotero ndinali ine ndemwe. Ndinayamba kuchimasula. Mawu aja sanathe ayi, ndisakunamizeni, koma anachepa ngati a udzudzu, moti ndinatha kumva mtima wanga ukugunda.

"Talandira," ndinatero. Dzinali tinapangana awiri ndi amuna anga a Lufeyo, ndipo kuyambira tsiku lija silinatulukenso pakamwa pa wina aliyense wa ife.

Ndinapendeketsa ndowa. Misozi inayamba kutayikira pakadothi kofiira pamene anagona mwanayo, shwaa, shwaa, shwaa, ndiye ndinadzidzimuka. Kunja kutayera, shwaa uja akupitirira. Linali tsache pabwalo.

Ndinatuluka. A Lufeyo, amene masiku onsewa ndimati nkhaniyi inawadutsa pamwamba, anali akusesa malo amodzimodzi atandifulatira. Iwotu simunawaonetse ngakhale nkhope ya mwanayo, poti ndi mwamuna. Atatembenuka, maso anali psuu, masaya onyowa.

"Ndi fumbi ili," anatero.

Koma amayi, kunagwa mvula usiku wonse, pabwalo panali matope okhaokha. Ndinawalanda tsache, n'kutchula dzina la mwana wathu mokweza. Anakhala pansi pamatope pomwepo bambo wamkulu uja, ine pambali pawo, ndipo tinamulira Talandira mpaka dzuwa kutentha.