Sikimu Yolonjerera Alamu Anga a Dayisoni

Lolemba, 30 Ogasiti

Sukulu zikutsegulidwa Lolemba likubwerali. Esinati, mwana wanga woyamba, ali Folomu 3 kusukulu yogonera komweko, ndipo ahedi ake ananena kale: wopanda fizi abwerere pageti. Fizi ndi K4,000. M'thumba mwanga muli K350 ndi kachidutswa ka choko. Malipiro a mwezi uno sanafike.

Komatu K4,000 yanga ilipo. Ili kwa alamu anga a Dayisoni, achimwene awo a amake Esinati. Anakongola mu Epulo kuti agule sikelo yogulira nandolo. "Masabata awiri okha, aphunzitsi." Lino ndi sabata la makumi awiri.

Vuto lake nali. Ine pano ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga pamudzi pa akazi anga, ndipo munda ndimalimawu anandilozera ndi a Dayisoni omwewo. Munthu wotere sungomufikira ndi mawu oti "bwezani". Pafunika sikimu, monga timachitira kusukulu:

1. Kukumbutsa mozungulira.
2. Kudzera mwa mlongo wawo.
3. Kalata.
4. Kuwapeza pamsika ndalama zili m'manja.
5. Ankhoswe, zikavutitsitsa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndikuphunzitsa Sitandade 6. Silabasi sinandikanikepo!

Lachiwiri, 31 Ogasiti

Gawo loyamba. Ndawapeza pakhonde, mbale ya kalongonda ili pamiyendo. "Mwafika bwino, aphunzitsi, sambani."

Kalongonda ndi nyemba yofuna kuleza mtima. Umaiphika tsiku lonse, n'kumataya madzi, chifukwa ukaifulumiza imakuzunguza mutu. Ngongole ya pachibale ndi chimodzimodzi. Choncho ndayambira patali: nandolo wagwira chaka chino, mitengo si yoipa, ndipo sukulu nazo zatsala pang'ono kutsegulidwa.

Iwo: "Maphunziro ndi chuma, aphunzitsi. Mwana wamkazi ameneyo musamuseweretse."

Mfundo yoona! Ndawafotokozera ubwino wophunzitsa atsikana mpaka dzuwa lapendeka. Amamvetsera bwino kuposa ana anga a m'kalasi.

Zotsatira:
Kalongonda: mbale ziwiri.
Ndalama: sizinatchulidwe.
Pampu ya njinga yanga: abwereka.

Lachitatu, 1 Seputembala

Gawo lachiwiri. Ndayamba kufotokozera amake Esinati akupeta mphale. Sanasiye kupetako.

"Ndiye mukufuna ndikawauze achimwene kuti mlamu wawo akuwayesa akuba?"

Sindinatero ayi. Ndalongosola kusiyana kwa kuba ndi kuchedwa kubweza. N'kusiyana kwakukulu, ndapereka zitsanzo zitatu.

"Mwana wa mlongo wawo ndi mwana wawo. Akudziwa."

Akudziwa chiyani?

Esinati wachapa yunifolomu, wayanika pachingwe, akuimba. Sakudziwa kanthu. Ndadutsira kuseri kwa nkhokwe kuti ndisaione yunifolomuyo.

Lachinayi, 2 Seputembala

Gawo lachitatu. Kalata yabwino kwambiri! Ndailemba katatu. Ndime yoyamba moni, yachiwiri mbiri ya ngongole, yachitatu tsiku lomaliza kubweza. Ndaiika mu envulopu ya khaki, yomwe ija yosungira masatifiketi anga, ndipo ndakailowetsa pansi pa chitseko chawo iwo ali kudimba.

Masana, odi! A Dayisoni, kumbuyo kwawo amuna awiri a pabawo.

"Aphunzitsi, kwabwera kalata ya khaki, mwina ndi ya kuboma. Magalasi ndaiwala. Tatiwerengerani."

Magalasi sanakhalepo nawo chibadwire. Ndipo ine ndinaiwala chinthu chimodzi chaching'ono: makalata onse a m'mudzi muno amawerenga ndine.

Anthu atatu akundiyang'ana kukamwa. Kodi mwinimbumba n'kumuwerengera ngongole pamaso pa anzake a pabawo? Ndatsokomola. Ndawerenga moni monga ndinalembera. Ndime yachiwiri yasanduka kuyamikira khama lawo pa malonda. Yachitatu yati Mulungu adalitse sikelo.

"Walemba ndani zokomazi?"

Ndaulula.

"Inu? Nyumba zoyang'anizana, mpaka kalata? Kuphunziratu n'kwina!"

Aseka mpaka misozi. Kalata aipinda bwinobwino, akuti akaisunga m'Baibulo.

Lachisanu, 3 Seputembala

Tsiku la msika. Gawo lachinayi, ndipo ili lokha silingalephereke. Sikelo yanga, kapena kuti yathu, ili lende pamtengo wa mango. Amayi ali pamzere ndi nandolo wawo. Chikwama cha alamu chatupa.

Ndaima pambali kudikira mpata. Kenako ndamva akuuza mayi wina kuti seveni kuchulukitsa ndi eyiti ndi 65. Ndayesa kudzigwira. Zakanika. Ndi 56! Munthu ameneyu wakhala akudzibera yekha chiyambire Epulo.

"Khalani apa, aphunzitsi."

Ndakhala pathumba, kope pabondo, kuyambira m'mawa mpaka lole ya ogula a m'tauni itanyamula matumba onse. Ndalama zonse zadutsa m'manja mwanga muno. K4,000 yanga ndaigwira kangapo, ndaiwongola makona, ndaipereka.

Pomaliza ndati, "Alamu, paja..."

"Paja simunadye!"

Malipiro a tsiku lonse: botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi, lofunda, ndi sikono. Komabe mayi mmodzi wamvetsa kuchulukitsa ndi teni. Tsiku silinapite pachabe.

Loweruka, 4 Seputembala

Gawo lachisanu, ankhoswe. Ndakhala pansi kuti ndilembe mayina awo. Wa kuchimuna, malume anga, anasamukira ku Mozambique. Wa kuchikazi ndi a Dayisoni.

Izi ndinayenera kuziona Lolemba.

Sikimu yatha. Ndapukuta njinga yanga. Mnzanga wina wa kabaza anandiuza kale kuti atha kupereka K3,500. Kusukulu ndizipita wapansi, ndi mtunda wa ola limodzi basi, ndipo kuyenda kumalimbitsa mtima. Ndazifotokoza zimenezi kwa njingayo.

Dzuwa litapendeka, uthenga: mwinimbumba akuitana mbumba yonse pabwalo la kwawo. Ndati basi, wina wawawerengera kalata ija moona. Munda wapita.

A Dayisoni avala jekete. Aimirira. "Ine monga mwinimbumba sindingalole mwana wa mlongo wanga kukhala pakhomo chifukwa boma lachedwetsa malipiro a bambo ake. Esinati, bwera kuno."

Atulutsa envulopu ya khaki. Yanga ija! Awerenga ndalama mokweza kuti aliyense amve, ndipo lero sanalakwitse: K4,000, ndi K200 ya minibasi pamwamba.

Nthungululu! Esinati wagwada, akulira. Amake andiyang'ana ndi diso loti "ndinakuuzani". Azakhali ena akuti, "Malume otere ndi osowa. Aphunzitsi, muli ndi mwayi pamudzi pano."

Andipempha kuti ndithokoze m'malo mwa banja. Ndinafuna kunena mawu awiri okha. Ndayankhula kwa mphindi makumi awiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti zambiri zimachokera pansi pa mtima.

Mphatso yotere sithokozedwa pakamwa pokha, atero amake Esinati. Tambala wathu wofiira wapita.

Lamulungu, 5 Seputembala

Ndagona tulo tosatembenuka, koyamba sabata lino.

M'tchalitchi ndakhala ndikulingalira funso limodzi: kodi a Dayisoni abweza ngongole kapena apereka mphatso? Ngati abweza, tambala wanga wafera chiyani? Ngati ndi mphatso, ndiye kuti K4,000 yanga ikadalipo.

Yankho labwera lokha potuluka. Andikokera pambali, andinong'oneza: "Aphunzitsi, kangongole kaja sindinaiwale. Masabata awiri okha."

Ndati asadzivute. Ndipo ndanena zoona. Ndaona kuti munthu akakhala nawe ngongole amakumbukira ana ako. Akabweza, ndani akudziwa? Teremu ina ikubwera mu Januwale. Aisunge.

Mmene sabata lathera:
Fizi: yakwana.
Munda: ulipo.
Njinga: sinagulitsidwe.
Tambala, envulopu, ulemu: zapita kwa alamu.

Esinati walongedza sutukesi, yunifolomu yasitidwa. Mawa m'mamawa ndimuperekeza pa njinga kukakwera minibasi. Tayala lakumbuyo laphwa.

Ndikupita kwa alamu kukabwereka pampu yanga.