Mmene Ndinakhalira Azamba a pa Mgodi

Kuno ku Kwekwe aliyense wondidziwa amanditchula kuti Azamba. Ndine bambo wa ndevu zanga, ndipo ndikangoona magazi ndimafuna pokhala. Dzinali ndinalipeza chifukwa cha buku, ndiye poti anthu akuikometsera nkhaniyi m'makombi, maminibasi a kuno, bola ndiinene ndekha.

Ku Zimbabwe ndinabwera ndi geni ya zitenje ndi mpunga. Kenako ndinapeza ntchito pa mgodi wina waung'ono wa golide cha ku Gaika, yopereka magolovesi, majombo ndi zipewa kwa olowa pansi. Amene ankagula katundu wa mgodiwo atasiya ntchito, anandiika pa mpando wake mongoyesa. Akakhutira nane andilemba, akapanda kukhutira ndibwerera ku magolovesi. (Kwathu ku Balaka ndinali nditalengeza kale kuti ndine manijala.)

Bwana wanga anali Mai Moyo, mayi wophunzira, wosakweza mawu. Tsiku lina anandiitana.

"Baba, kunenerera mtengo mumatha, ndaona. Koma ntchito iyi si ya pamsika. Muziwerenga."

Ananditumizira pa foni maina a mabuku amene akuti wogula katundu aliyense ayenera kuwawerenga: lina la kusankha ogulitsa odalirika, lina la kusunga katundu wokwanira osadzaza nyumba, lina la ulendo wa katundu kuchokera ku fakitale mpaka kufika m'manja mwa womugwiritsa ntchito. Ndinayankha kuti ndathokoza kwambiri, ndinkawafunafuna mabuku amenewa. Ndinali ndisanawamvepo.

Loweruka ndinapita ku Mkoba, dera la ku Gweru, kukaona msuweni wanga. Pobwerera, m'tauni ya Gweru, ndinaona bambo wina atayala mabuku pansi m'mbali mwa msewu. Pakati pake panali lenileni la ulendo wa katundu lija, lonenepa ngati njerwa, chikuto chake chili ndi sitima ya pamadzi yodzaza makontena.

"Iri ndere mabhosi, mukoma," anatero wogulitsayo, kutanthauza kuti ndi la mabwana.

Mtengo wake unali wotsika moti munthu wanzeru akanafunsa chifukwa. Ine ndinanenerera kuti atsitsenso, ndipo anatsitsa mwachangu. Ndinachoka ndikudziyamikira.

Mu kombi ndinalitsegula kamodzi. Masamba oyamba anali ofwifwa, inki yosaoneka bwino, monga amakhalira mabuku osindikizidwa kuseri kwa nyumba. Pa tsamba la mitu ndinaona mawu awiri amene ndimawadziwa bwino pa ntchito yanga: "labour", ife timati antchito, ndi "delivery", kubweretsa katundu. Panalinso mawu ena aataliatali osatchulika, koma ndinati amenewo ndiye maphunzirowo. Ndinatseka buku n'kugona mpaka ku Kwekwe.

Kuyambira Lolemba bukulo linkayenda nane paliponse. Pa desiki linkakhala chikuto chikuyang'ana kukhomo. Ku kantini linkakhala pambali pa mbale. Ndinaikamonso kapepala pakati, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakasunthira kutsogolo osayang'ana, kuti aziona kuti ndikupita patsogolo.

Vuto linayamba ndi pakamwa panga. Panali wogulitsa wina, VaSibanda, amene ankatibweretsera mano a makina oboolera miyala, ndipo ankachedwa nthawi zonse. Tsiku lina ndinamenya bukulo ndi chikhato iwo ali pomwepo.

"VaSibanda, buku ili likunena poyera kuti wogulitsa akachedwa kawiri, kachitatu uzikhala utapeza wina."

Anachita mantha. Katundu wotsatira anafika tsiku lisanakwane. Apa ndinazindikira kuti buku limagwira ntchito bwino lili chotseka. Ndinayamba kuliika m'kamwa chilichonse chimene ndinkaganiza. Buku likuti mafuta a injini tizigula ku Gweru. Buku likuti wogula katundu asamatumidwe kukagula buledi. Che Yusufu, dalaivala wa lole ya pa mgodi, wobadwira ku Makwasha kuno ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Mangochi, anandifunsa tsiku lina:

"Achimwene, bukuli likudziwanso za buledi wa kuno?"

"Ndi la padziko lonse," ndinatero.

Mai Moyo anamva mbiri yanga ndipo anakondwa. Anati pa msonkhano wa ogulitsa onse, pomwe mwini mgodi adzakhalepo, ine ndidzalankhule zimene ndaphunzira. Anawonjezera kuti nkhani ya kundilemba ntchito adzaimaliza pambuyo pa msonkhanowo.

Munganene kuti apa ndiye ndinawerenga. Ndinafunadi. Koma Loweruka kunali ukwati, Lamlungu kunali mpira, ndipo ndinadziuza kuti munthu amene wakhala ndi buku nthawi yaitali chonchi, zina zimalowa zokha.

Msonkhano unachitikira mu shedi yaikulu, ogulitsa atakhala pa mabenchi, mwini mgodi kutsogolo. Ndinavala tayi. Ndinalankhula za kusadalira wogulitsa mmodzi, za kuyang'ana katundu asanatsitsidwe, zonse zimene ndinaziphunzira pa geni ya mpunga, koma ndikuti zachokera m'buku. Anthu ankagwedeza mitu. Ndikanakhala pansi pamenepo, lero ndikanakhala munthu wolemekezeka.

Mai Moyo anakweza dzanja. "Baba, tiwerengereni pamene akunena za delivery ikachedwa. VaSibanda amve okha."

Anthu anaseka, VaSibanda anawerama. Ine ndinatsegula pa tsamba la mitu, n'kupeza mutu wa delivery yochedwa, n'kupita pa tsamba lake. Ndinakonza kukhosi n'kuyamba kuwerenga mokweza, m'Chingerezi changa cha pa phwando.

Chiganizo choyamba chinkati delivery ikachedwa musapupulume, khalani odekha ndipo mulimbikitse onse amene alipo. Mwini mgodi anavomereza ndi mutu. Chachiwiri chinkati muonetsetse kuti m'manja mwanu ndi moyera. Ndinaima n'kufotokoza kuti apa akunena za ziphuphu. Ena anaomba m'manja. Chachitatu chinkati mumugoneke mayiyo cham'mbali, kumanzere, ndipo mumvetsere kugunda kwa mtima wa mwana.

Anthu m'shedimo anayang'anana.

Munthu wina akanatseka buku. Ine ndinati, "Mayi amene akunenedwa apa ndi wogulitsa. Mwana ndi katundu."

"Ndiye ine ndigone chakumanzere?" anafunsa VaSibanda.

Mai Moyo anatambasula dzanja, ndinawapatsa. Anatembenuza tsamba limodzi, n'kupeza chithunzi chimene sindingachifotokoze pano. Anatembenuza lina. Kenako anayang'ana chikuto, sitima ija ndi makontena ake, n'kuyang'ananso m'kati. Osindikiza aja anali atamata chikuto cha ogula katundu pa buku la anamwino ophunzira uzamba. Labour ija inali ya matenda a amayi pobereka, delivery inali kubadwa kwa mwana.

"Baba," anatero mwakachetechete, "mafuta a injini a ku Gweru ali pa tsamba liti?"

Ndinangokonza tayi. Woyamba kuseka anali mwini mgodi, mpaka anavula magalasi. Kumbuyo Che Yusufu anali akumasulira anthu m'Chishona kuti achimwene awo ndi nyamukuta, ndipo m'Chichewa anangoti Azamba. Pofika madzulo dzinali linali litatsika kale m'mgodi.

Sanandichotse. Mai Moyo anati zimene ndinalankhula poyamba zinali zanzeru, chomvetsa chisoni n'chakuti ndinaziba kwa ine mwini n'kuzipereka kwa buku. Anatalikitsa nthawi yondiyesa, n'kundibwereka buku lawo lenileni, ndipo Lolemba lililonse amandifunsa zimene ndawerenga. Ogulitsa nawo sanaiwale. Lole ikafera panjira amaimba foni mwaulemu: "Azamba, mwana wachedwa pang'ono, koma mtima ukugunda."

Buku la Mai Moyo ndi labwino, ndipo ndikulimbikitsa aliyense wogula katundu kuti aliwerenge, makamaka mitu yakumapeto. Ndinauza choncho mnzanga wina wa ku Zvishavane sabata yatha, ndi mtima wonse. Ine ndili pa mutu wachiwiri.