Wotsala ku Mwezi

Lolemba
Bambo Mfumu andiitana. Kwabwera kanema wakale m'chitini, wa azungu awiri opita ku mwezi. "Aphunzitsi, muonere, mundiuze ngati ali woyenera Akhristu. Anthu akaseka Loweruka, womasulira kanema aliyense mudzakhala inu." Ine, pambali pa nsalu yoonetsera kanema, m'jekete la mishoni! Akapanda kuseka ntchito ipita kwa a Geresomu, amene Chingerezi chawo anachitola kukhitchini kwa mzungu.

Lachiwiri
Tikuonera m'kalasi, mawindo otseka ndi masaka. Muli izi:
chombo chonga mgolo, utsi tolotolo;
mzungu wonenepa, mphika kumutu;
anthu a ku mwezi, makutu ngati malichero.
Pomaliza wowonda akuthawa ndi chombo, mnzake wamuiwala. Wonenepa akuthamanga, akukupiza chipewa. Bambo Mfumu nthiti kuwawa. Ndalemba kuti: Wabwino kwambiri.

Lachitatu
Ndikuyeserera pa mayi a kunyumba. Sakuseka. "Nanga mkazi wa wotsalayo adamuuza ndani?" Umbuli!

Lachinayi
Nkhungu, chisanu. Injini ya magetsi ikukana kulira. Makoswe adya nsalu m'mphepete. Mawu anga asasa. A Geresomu akundifunsa za chifuwa, mwachifundo kwambiri. Njoka.

Lachisanu
Nzeru zabwera! Anthu a kuno ku Kaphuka mwezi sawuganizira. Ndiutcha Joni, chombo ndichitcha sitima ya kumigodi. Adzafa nazo nseko.

Loweruka
M'kalasi thothotho, pafupifupi amayi okhaokha, poti amuna ali ku Joni kwenikweniko. Mphika, akuseka. Makutu, akuseka. Chombo chikunyamuka, wonenepa watsala. Ndikufuula ndi mawu anga osasa: "Watchona ameneyo!"
Zii.
A Nachisale, amene amuna awo sanalembe kalata chipitire ku Joni, ayamba kulira ngati pamaliro. Benchi yawo yonse yalandira. Kumbuyo wina wayambitsa pemphero la Korona. Pansalu wonenepa akukupizabe chipewa. Manyazi andigwira.

Lamulungu
Jekete lili pa a Geresomu, manja ake owatalikira. Basi, ndibwerera ku choko changa. "Wabwino kwambiri" uja ndafufuta, koma cholemba m'malo mwake ndilibe.
Misa itatha a Nachisale akundidikirira pakhomo. "Aphunzitsi, inu mudaonera mpaka kumapeto. Adabwerera kukam'tenga?"
Ndamuonera kanayi kanemayu. Palibe amene amabwerera.
Ndawauza kuti chitini chachiwiri sichinafike.