Mundibwezere Amuna Anga, Mphesa Zapsa

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Mbiri Yakale ndi Zokopa Alendo,
Boma lathu lino la kugombe.

Wolemekezeka Bwana,

Ine ndine Nediljka wa ku Portina, mayi wamba amene sukulu ndinangoinunkhiza. Ndalemba kuti ndithokoze chifukwa cha kabuku kokongola kamene ofesi yanu yasindikizira alendo. Kandiphunzitsa zambiri za kwathu kuno, makamaka za mwamuna amene ndakhala naye kuyambira ndili namwali.

Choyamba, zikomo pondidziwitsa kuti amuna anga, a Vicko, amene chithunzi chawo chili pachikuto, ndi "msodzi wotsiriza wa makedzana, mwana wa nyanja." Ine ndi umbuli wangawu ndinkayesa kuti moyo wawo wonse ankayendetsa basi yopita kumapiri. Tsiku limene wojambula wanu anafika padoko, iwo anali atangogwirizira ukonde wa a Jerko, amene anali atapita kukamwa khofi. Komatu ndikumvetsa, a Jerko alibe ndevu zoyera, ndipo mbiri yopanda ndevu alendo sangaikhulupirire.

Chachiwiri, ndikuthokoza kuti mwawachiritsa. Awatu ndi bambo amene amasanza sitima isanachoke n'komwe padoko. Lero amalawirira m'mamawa, chipewa cha amalinyero kumutu, kukakhala pamwala n'kumasimbira Ajeremani za namondwe amene anapulumukamo. Namondweyo amakula sabata iliyonse. Alendo akafunsa mbiri ya tauni, ofesi yanu imawalozera kwa iwo, poti wogwira ntchito imeneyo mukumufunafunabe. Motero dziko lonse tsopano likudziwa kuti tchalitchi chathu anamanga ndi achifwamba apanyanja, mothandizidwa ndi malume awo a Vicko.

Chachitatu, mwasangalatsa doko lonse. A Jerko akamadutsa ndi bwato amawaitana ndi dzina laulemu la akuluakulu apanyanja n'kufunsa kuti, "Barba Vicko, nsomba zikudya lero, kapena zikwera basi ya masana?" Anthu amaseka mpaka misozi, manyazi n'kumasenza ine kumsika.

Tsono Bwana, nayi kankhani kakang'ono. Mphesa zathu zapsa. Munda uli pachitunda, mawondo anga anatha kalekale, ana ali kunja kwa dziko, ndipo mitambo yayamba kusonkhana kuseri kwa zilumba. Mvula ikangogwa mphesa ziola, ndipo munda umene bambo anga anaukumba m'miyala ndi manja upita pachabe chaka chino. Pakadali pano amene ayamba kukolola ndi mavu okha. Ndawachonderera a Vicko kuti mlendo ndi mame, koma akuti sangasiye udindo umene boma lawapatsa. Kunena zoona mtima ukundiwawa, chifukwa kale mphesa zikapsa, ndine amene ndinkawakakamiza kuti apumeko.

Sindikupempha kuti mukonze kabukuko. Ndine yani ine kuti ndiphunzitse ofesi? Pempho langa ndi lakuti, poti amuna anga mwawaika m'gulu la zinthu zakale za boma lino, muwasamale monga mumasamalira zinzawo. Linga la paphiri, nyumba yosungiramo zakale ndi nsanja ya nyali, zonse munazikhoma bwinobwino n'kupachikapo chikwangwani chakuti "Tatseka, tikukonza." Mundibwerekeko chimodzi ndikawakoloweke m'khosi. Ndikudziwa kuti chimene ofesi yanu yatseka sichitsegulidwanso, choncho ndidzakhala nawo pa zokolola zonse zimene zatitsalira.

Ine wanu wosadziwa mbiri,
Nediljka Matulja,
mkazi wa chinthu chakale cha boma.