Tsiku Limene Konkire Anagwira a Wapampando

M'mudzi wina, umene dzina lake sitilitchula poti eni ake akadali moyo, muli kalasi ya atsikana imene lero ili ndi pansi posalala ngati mbale. Eee, anthuni, posalala zenizeni! Imvani mmene zinakhalira.

A Kachingwe, Wapampando wa Chitukuko komanso Msungi Wamkulu wa Matumba a Simenti, anafika amisiri atangothira konkire. Pofuna kusiya mapazi awo kuti adzukulu adzawaone, anaponda pakati penipeni n'kuyamba kulankhula. Analankhula mpaka dzuwa linapendeka.

Atamaliza, aphunzitsi aakulu, mayi Nasibeko, anagwira pakamwa.

"Kalanga ine, bwana, mwagwidwa! Konkire wa simenti yokwanira akauma chonchi salola phazi kutuluka. Amene amamasula munthu ndi wamchenga wokhawokha."

A Kachingwe anagwedeza chala m'nsapato. Chinayenda bwinobwino. Ngakhale phazi lonse likanatuluka ngati chinangwa cha m'dambo. Koma kulitukula pamaso pa anthu kunali kuulula kumene matumba anapita.

"Ndagwidwadi!" anafuula. "Mwaona kulimba kwake?"

Anthu anaomba m'manja, amayi nthungululu. Wina anawabweretsera ambulera. Nkhuku inabwera n'kuyamba kupalasa konkire pafupi ndi mwendo wawo, fumbi koboo, koma onse anayang'ana kumwamba mwaulemu.

"Tikuphwanyireni ndi hamala?" anafunsa mmisiri.

"Ayi, ayi," anatero mayi Nasibeko. "Tikaphwanya tikonza ndi chiyani? Simenti inatha, a Wapampando anatiuza okha. Apirire kaye mpaka boma litumize ina, mwina mvula ikatha."

Apo n'kuti mitambo itada bii, ndipo linthumbwi litapeza njira yolowera m'buluku. Paja amati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma a Kachingwe anaopa. Anakodola akazi awo.

"Amake Tiyamike, pitani ndi ngolo. Kuseri kwa nkhokwe kuja."

"Onse, bambo?"

"Onse, mayi, fulumirani, zikundiluma!"

Ngolo itangolowa pasukulu, matumba a simenti aja ali mbwee, chozizwitsa chinachitika. A Wapampando anatukula mwendo, kenaka winawo, popanda hamala, mchenga ukuyoyoka m'nsapato.

Mayi Nasibeko anagwada mwaulemu wonse.

"Zikomo bwana. Tsopano khalani apo pamthunzi. Konkire wa ulendo uno musamuponde, ameneyu sadziwa maudindo."